Mutu 6: Kakhadi ka Danieli

1. Gemu ya m'buti

Gemu imene inautsa phokoso pakhomo pa a Nambewe inali yakale kuposa Tamandani. Kuseri kwa kabokosi kake kunalembedwa chaka chimene inatuluka ku Japan, 1997. Chaka chimenecho a Nambewe, amene ndi mayi ake a Tamandani, anali asanakwatiwe n'komwe.

Inafika chonchi. Danieli, mchimwene wake wa Tamandani, ankakonza mafoni ndi mawailesi pa Malomo. Tsiku lina dalaivala wina wa magalimoto akale ochokera ku Japan anamusiyira katoni imene anaipeza m'buti, pansi pa tayala la sipeya. Munali makina a gemu, padi imodzi yodinira posewera, zimbale zitatu, ndi timakhadi tiwiri totuwa tosungira pamene wosewera walekezera. Kamodzi kanali kabwinobwino. Kachiwiri kanali kakufa, ndipo ngakhale Danieli kanamukanika kukonza.

Makinawo analimbana nawo masabata awiri. Tsiku limene anayaka, anawalumikiza ku kanema wamng'ono ndi batire la sola la kunyumba, n'kufuula ali pakhonde.

"Tama! Siya mbalezo, bwera udzaone zimene anthu ankasewera iwe usanabadwe!"

Anthu a m'gemumo anali a makonamakona, manja ngati njerwa. Anzake a Tamandani a kusukulu, ozolowera mpira wa pafoni, anabwera kudzaona kamodzi kokha ndipo anaseka mpaka misozi.

"Ndewu yanji yodikirana imeneyi?" anatero wina. "Uyu amenye, uyu adikire, ngati pamzere wa kuchigayo!"

Alekeni aseke, sankadziwa kanthu. Gemuyo inali nkhani yaitali ya mnyamata wa pachilumba pamene mphepo inasiya kuwomba, ngalawa zonse n'kuima. Mnyamatayo ananyamuka kukafunafuna kumene mphepo inatsekeredwa, ndipo m'njira anapeza anzake atatu. Gemu yotere siitha tsiku limodzi. Umayenda mudzi ndi mudzi, kufunsa njira, kugonja, kuyambiranso.

Munthu aliyense akamalowa m'gululo, gemu inkalola kumupatsa dzina m'zilembo zathu zomwezi. Danieli ndiye ankasankha. Atamaliza kutchula onse anayi, anamukoka mlongo wake khutu.

"Mayina awa asatuluke pakamwa pako. Wamva?"

Chinsinsicho sichinali chovuta kusunga. A Nambewe sankayang'anako n'komwe pakanemapo, ankati zimawatopetsa maso.

2. Kope la zilembo

Vuto linali limodzi. Kupatula mayina aja, mawu onse anali m'Chijapani, zilembo zokhotakhota zimene panalibe munthu pa Malomo ponse woti n'kuziwerenga.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanangojambula ndi foni kuti iwamasulire. Tamandani nayenso anafunsa zomwezo. Danieli anakana.

"Kumeneko n'kubera mayeso," anatero. "Tizidziwa tokha."

Anatenga kope latsopano la masamba ambiri. Chilembo chilichonse ankachikopera mosamala, n'kuchiyesa m'gemumo, kenako n'kulemba pambali pake chimene chachita. Ichi ndi mankhwala. Ichi ndi moto. Ichi usakhudze, chimafufuta zonse. Munalinso mapu a mapanga, ndi timawu tachipongwe m'mphepete mwa masamba: "Lero Tama wagonjanso kwa nkhanu. Kachinayi."

Ankasewera Loweruka masana basi, dzuwa likadzaza batire. Padi inali imodzi, ndiye wina akagwira padi, mnzake ankagwira kope. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri.

Mu Januwale anafika pakhomo la nsanja yomaliza, mmene munatsekeredwa mphepo muja. Danieli anasunga ulendowo pakakhadi, nadziwongola.

"Loweruka likubwerali timaliza," anatero.

Lachiwiri lake, akuchokera ku Ntchisi boma mvula itagwa, njinga yamoto imene anakwera inaterereka potsika mtunda. Sanafike naye kuchipatala.

Kuyambira pamenepo Tamandani sanalowe pakhomo la nsanja ija. Ankayatsa gemu, n'kuyendetsa anthu anayiwo m'dambo la pafupi, kumenya tizilombo tiwiri titatu, kenako n'kuzimitsa osasunga. Ankafuna kuti kakhadiko kakhale mmene Danieli anakasiyira. Zovala zake anali atagawana achibale, zitsulo zake zinapita, ndipo pabenchi yake pa Malomo panakhala munthu wina. Zotsala zinali kope ndi kakhadi basi. Kopelo ankayenda nalo m'chikwama cha kusukulu tsiku lililonse.

Koma tisamubisire mlandu wake. Mu Meyi anayamba kalasi ya kutchalitchi, yokonzekera kulowa mumpingo, ndipo kalasiyo inkachitika Loweruka masana. Masabata atatu otsatizana anauza amayi ake kuti mutu ukumupweteka. Amayi akangopita kumunda kukakumba mtedza, iye gemu n'kuyatsa. Limenelo linali bodza, ndipo chisoni sichilisandutsa zoona.

3. Moto wa makoko

Amene anagwetsa zinthu, mosafuna, anali Abigail, msuweni wake, mwana wa amalume ake a Elifala. Lachitatu anabwereka kope la sayansi, ndipo Tamandani, pothamangira belu, anamupatsa makope awiri ophatikizana. Abigail anawasiya patebulo kwawo. Bambo ake anatsegula la pansi.

A Elifala ndi mkulu wa mpingo. Si munthu woipa mtima ayi, koma akaganiza chinthu, chatha, makutu amatsekeka. Ndiwonso mwini mbumba. Bambo ake a Tamandani amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ngakhale akanakhalapo, kwathu kuno nkhani ya ana imathera kwa malume.

Lachinayi, pochokera kusukulu, Tamandani anawapeza atakhala pampando pabwalo, kope lili pamwendo. Amayi ake anali pamphasa akuthothola mtedza, mutu uli pansi. Pambali pankafuka moto wa makoko a mtedza.

"Gwada apo," anatero a Elifala.

Tamandani anagwada.

"Mwana iwe, ine ndakula ndikuona zinthu. Ndaona anyamata abwinobwino akulandira katundu amene sadziwa kumene wachokera. Poyamba zimaoneka ngati masewera. Pakapita masiku mwana wasiya kupemphera. Kenako wayamba kunamiza makolo ake, maso ali gwa. Iwe kalasi wajomba katatu, aphunzitsi ako andiuza. Akuti mutu. Mutu wanji wodziwa Loweruka? Ndinkati mwina ndi ulesi wa atsikana, ndidzakulangiza nthawi ina. Ndiye dzulo ndikupeza ichi patebulo panga. Zilembo izi si za anthu ayi. Ndipo tamvera zimene zalembedwa pambali pake."

Anatsegula kope n'kuyamba kuwerenga mokweza, chala chili pamzere.

"'Kuukitsa wakufa.' 'Kuitana mzimu wa m'madzi.' 'Kugoneka adani onse tulo.' A Nambewe, mukumva? M'nyumba mwanu, nyumba ya Mkhristu!"

"Amalume, zimenezo ndi za m'gemu, ndi timankhwala ta..."

"Khala chete! Ndakufunsa? Ndiko kulimba mtima kumene amakupatsani kumeneko. Ine ndakhala ndikudzifunsa za Danieli. Mvula imagwa chaka chilichonse. Njinga zimatsika mtunda uja tsiku ndi tsiku. Woyendetsa anangosupuka chigongono, mwana wathu n'kupita. Bwanji iye yekha? Tsopano ndamvetsa. Analowa zinthu, zinthuzo zinamutenga, ndipo zayamba kukoka iwe. Ine ndinakwirira mmodzi. Wachiwiri ayi, ndakana."

Koma abale! Danieli amene ankakonza zokuzira mawu za patchalitchi pompo osalandira kanthu? Danieli amene ankaimba besi m'kwaya chiyambire Folomu 1? Munthu wagona m'manda, sangadziyankhire, ndiye n'kumupaka zausatana chifukwa cha kope limene simunafunse n'komwe kuti ndi la chiyani?

A Elifala anaimirira n'kuponya kopelo pamoto.

Tamandani anakuwa, nalumphira kumoto, koma anamugwira mkono. Mapepala sachedwa kupsa. Anaona chikuto chikupindika, mapu a phanga la nkhanu akuda, zolemba za Danieli zikusanduka phulusa. Ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri inatha nthawi yosakwana kumwa kapu ya tiyi.

"Abigail wandiuza kuti zonse zimasungidwa m'kakhadi," anatero a Elifala akumusiya mkono. "Loweruka masana, nthawi yomwe ija umadwala mutu, ndibwera. Tidzapemphera, kenako udzandipatse ndi dzanja lako, tikaponye pamoto pomwepa."

Anakwera njinga yawo n'kumapita, mtima uli m'malo, ngati munthu wochokera kokazonda odwala.

Tamandani anatenga kamtengo n'kuyamba kufukula phulusa. Anapezamo tiwaya tiwiri tomangira masamba. China chilichonse munalibe.

4. Timakhadi tiwiri

Lachisanu m'mawa Abigail anamudikirira panjira ya kusukulu, maso ali ofiira.

"Tama, pepa. Ababa anandikalipira mpaka ndinangonena zonse."

"Pakamwa pako paja ndi wailesi, sindikudabwa," anayankha Tamandani osamuyang'ana.

"Nditukwane, ndalakwa. Koma tamvera. Timakhadi tija si tiwiri? Tofanana ndendende. Udzawapatse kakufa kaja. Ababa sangasiyanitse, ngakhale foni yawo ndimawatsegulira ndine. Atentha, apemphera, nkhani yatha. Ka Danieli udzabise kwathu, m'sutikesi mwanga. Angakafufuze m'nyumba mwawo momwe?"

Nzeruyo inali yosavuta, ndipo ikanathekadi. Tamandani anayenda nayo tsiku lonse. Pobwerera anadutsa pamjigo, ndipo amayi atatu amene ankatunga madzi anangoti zii, kumuyang'ana mpaka atadutsa. Nkhani inali itayenda kale. Atafika kunyumba anaika kakufa kaja m'thumba la siketi, kabwinoko n'kukalowetsa m'sokosi pansi pa matiresi.

Dzuwa litapendeka anakhala ndi amayi ake pamphasa, akuthothola mtedza. Amayi anayamba kulankhula osadzutsa mutu.

"Tama, bodza la mutu lija landipweteka. Ine ndinkapita kumunda ndekha, ndikudandaula kuti mwana wanga akudwala, mpaka ndinakakutengera mapilitsi. Ukanandiuza kuti ukusowa mchimwene wako ndikanamva, chifukwa inenso ndikumusowa. Taona tsopano, bodza lako ndi limene lawapatsa mphamvu amalume ako. Ukanena zoona mawa, akakukhulupirira bwanji? Munthu ukanama kamodzi, zoona zako zonse zimavutikira pomwepo. Ndiponso usawade amalume ako. Tsiku lija anakamutenga Danieli pamsewu ndi iwowo, malaya awo onse magazi okhaokha. Chichokere pamenepo sanabwerere mwakale. Akufunafuna chifukwa."

Kenako anasiya mtedza, namuyang'ana.

"Koma undiuze zoona, mwana wanga. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Danieli analowadi zinthu?"

Tamandani anasiya kuthothola. Ngakhale amayi! Mawu a tsiku limodzi lokha anali atalowa kale mumtima mwa mayi wobereka. Kupereka kakufa kaja kukanapulumutsa kakhadi, inde. Koma kukanakhalanso kuvomera pamaso pa onse kuti Danieli anasiya zinthu zoyenera moto, ndipo amayi akanatsala ndi funso lawolo moyo wawo wonse.

"Ayi, amayi," anayankha. "Mawa mudzaona nokha."

Analowa m'nyumba n'kukatulutsa kakhadi m'sokosi muja.

5. Loweruka masana

A Elifala anafika dzuwa lili paliwombo, Baibulo lili m'khwapa, Abigail akutsatira m'mbuyo. Anayamba n'kukoleza moto pamalo pomwe paja. Potembenuka anaona kanema ali patebulo pakhonde, mawaya atalumikizidwa kale.

"Ichi n'chiyaninso?"

Tamandani anagwada, natambasula dzanja. Munali timakhadi tiwiri.

"Amalume, ndiyambe ndi kupepesa. Ndinanama za mutu, ndinajomba kalasi katatu. Pamenepo ndinalakwa, ndipo chilango chake ndilandira. Chachiwiri, dzulo ndinakonza zokunamizaninso. Aka n'kakufa, mulibe kanthu. Ndimafuna ndikupatseni kameneka. Ka achimwene ndi aka. Ndikupatsani ndi dzanja langa monga munanenera. Koma chonde, muyambe mwaona chimene mukutentha."

Abigail anagwira pakamwa.

"Ine ndikhale pansi kuonera zausatana? Bweretsa kuno!"

A Elifala anatsomphola kakhadi kabwinoko n'kulunjika kumoto. Panatsala mapazi atatu okha.

"Achimwene."

Anali a Nambewe. Pamudzipo panalibe amene anawamvapo akukwezera mawu mlongo wawo, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanakweze.

"Kope munatentha osandifunsa, ine ndinakhala chete. Koma mwanayo ndinabereka ndine. Mwanena kuti analowa zinthu, ndiye ndikufuna ndizione zinthuzo ndi maso angawa. Zikakhala zoipa, ndiponya pamoto ndekha."

A Elifala anaima, akupumira m'mwamba. Kenako anabwerera n'kuponya kakhadi patebulo.

"Yatsa. Mphindi zisanu."

Tamandani anapukuta chimbale ndi nsonga ya chitenje, chifukwa chinali chokalikakalika ndipo masiku ena chinkakana. Makina analira, kanema n'kungoti bii. Analiranso. Kenako kanyimbo kaja kanayamba, ndipo panaoneka anthu anayi ataima pakhomo la nsanja, pamene Danieli anawasiya mu Januwale. Pansi pawo panali mayina.

Abigail anawerenga mokweza. "DANI. TAMA. AMAYI." Anayang'ana bambo ake. "MALUME."

"Wati chiyani?"

A Elifala anavala magalasi n'kusendera pafupi. MALUME anali chimunthu cha ndevu, chonyamula chishango chachikulu ngati chitseko.

"Asa! Kundinyoza? Kundiika ine m'zimenezi?"

"Taonani kaye, amalume."

Anayendetsa anthu anayiwo kupita kudambo. Kunatulukira chilombo chonga nkhumba ya nyanga, ndewu n'kuyamba. Tamandani ankafotokoza pang'onopang'ono. Aliyense amadikira nthawi yake. Chilembo ichi ndi mankhwala. "Kuukitsa wakufa" ndi kabotolo kodzutsira mnzako akakomoka, kamene kamapezeka m'golosale ya m'gemu momwemo. Anaitana "mzimu wa m'madzi" uja, ndipo kunabwera chinsomba chojambula, cha maso ngati mabatani, n'kulavula madzi, n'kumapita. Abigail kuseka kunamupulumuka.

Chilombo chinabaya DANI. AMAYI anatambasula manja, mabala ake n'kupola.

"Ameneyo ndine?" anafunsa a Nambewe chapansipansi.

"Ndinu, amayi. Ntchito yanu n'kuchiza."

Kenako chilombo chinabaya TAMA kawiri, mphamvu zake n'kutsala pang'ono. Chinabwerera m'mbuyo kuti chidzamalize. Tamandani anaika padi patebulo n'kupinda manja. Panalibe wodina kanthu. MALUME anadumpha yekha, naima kutsogolo kwa TAMA, nyanga n'kubaya iyeyo.

"Wachitiranji zimenezo?" anafunsa a Elifala.

"Ndi mmene anapangidwira. Mnzake akatsala pang'ono kugwa, amaima kutsogolo. Tsiku limene tinakumana naye anayamba n'kutilozaloza chala, akumenyetsa phazi pansi. Mwala utagumuka m'phanga, anatitchinga ndi chishango. Achimwene anaseka, anati dzina lake n'lodziwikiratu. Analembanso m'kope, patsamba lachisanu ndi chiwiri. Anati, 'MALUME amakalipa, koma osamusiya m'mbuyo. Popanda iyeyu sitikafika.'"

A Elifala anangoyang'anitsitsa chimunthu cha ndevu chija.

"Za ine analembanso?" anafunsa a Nambewe.

"Analemba, amayi. Masamba awiri." Tamandani anayang'ana kumoto. "Ndikukumbukira mzere umodzi wokha. 'AMAYI akagwa, tonse tapita.'"

A Nambewe anadziphimba chitenje kumaso. Masamba awiri olembedwa ndi mwana amene sadzalembanso, ndipo iwo sanawerengeko ngakhale liwu limodzi! Bwanji osafunsa, a Elifala? Funso limodzi lokha Lachinayi lija, lakuti kodi ichi n'chiyani, likanakutayitsani chiyani?

6. Masamba atatu

Mphindi zisanu zija zinali zitadutsa kalekale. Moto unazima wokha. Tamandani anazimitsa gemu osasunga, nazula kakhadi, nagwadanso n'kukapereka monga analonjezera.

A Elifala anakatembenuzatembenuza m'manja. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Kalasi usadzajombenso," anatero, mawu ali osasa. "Zinthu izi, ngakhale mulibe ziwanda, zimadya nthawi ya munthu. Chaka chamawa uli ndi mayeso a Folomu 4. Uzisewera ntchito zikatha, amayi ako akudziwa, osati mobisala. Mwana wobisala ndi amene amatiopsa ife akuluakulu, chifukwa sitidziwa chimene akubisa."

"Ndamva, amalume."

Liwu lakuti pepani silinatuluke. Akuluakulu ena limawakakamira pakhosi, ndipo zimenezo n'zokwiyitsa ndithu. Koma kakhadi kaja anakabweza ndi manja awiri, monga mwana amaperekera chinthu kwa wamkulu.

Aliyense ankayembekeza kuti tsopano akwera njinga. Sanakwere. Anangoima, akukanda kumutu.

"A Nambewe, pali china. Kope lija sindinatenthe lonse. Ndinang'ambamo masamba ena atatu, onenanso za mizimu ndi akufa, n'kukawapereka kwa mlembi wa mpingo Lachinayi m'mawa. Mawa tikatuluka m'mapemphero, akulu onse akhala pansi. Akambirana ngati mpingo udzabwere pa mwambo wa chiliza cha Danieli."

A Nambewe anachotsa chitenje kumaso.

"Mwamutengera mwana wanga kubwalo ali m'manda? Musanabwere n'komwe kuno?"

"Ndikawauza kuti ndinafulumira."

"Akakumverani?"

A Elifala anayang'ana pansi. "Kaya. Ndinalankhula mwamphamvu kwambiri. Ena aziti mlongo wanga wandilirira, ndiye ndafewa."

Tamandani anali atamva chinthu chimodzi chimene enawo sanachigwire msanga. Masamba atatu! Zolemba za Danieli zinali zikadalipo, m'kabati ya mlembi. Anaimirira n'kuyamba kukulunga mawaya.

"Ndiye akaone okha, monga mwaonera inu. Akatero akatibwezere masambawo. Ndi a amayi."

"Iwe! Mtsikana wa kalasi kukaima pamaso pa akulu khumi ndi awiri? Sizinachitikepo zimenezo."

"Sindikaima ndekha. Kanema anyamula Abigail, makina ndinyamula ine." Analoza pakona pa khonde. "Koma kutchalitchi kulibe magetsi, ndipo batire ili n'lolemera, amalume. Ine sindingalithe."

A Elifala analiyang'ana batirelo nthawi yaitali. Kuchokera pamenepo kukafika kutchalitchi ndi mtunda wokwera, ndipo Lamulungu m'mawa njira yonse imadzaza ndi anthu owadziwa, ena a iwo anthu amene a Elifala anawauza okha za Danieli. Anapita panjinga yawo, namasula mphira wa pakaliyala, n'kudzayesa ngati ungakwane kuzungulira batirelo. Unakwana.

"Libwezere pasola lidzaze," anatero. "Ndibwera m'mawa belu loyamba lisanalire."